Klatchi ikagwa pansi, musathamangire kutsitsa giyabokosi

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Dzinja lafika, alimi akusangalala, koma ife oyendetsa magalimoto m'misewu yakumudzi mtima suli m'malo. Sabata ino ndikufuna tikambirane za klatchi, chifukwa inandichititsa manyazi ndipo pang'onong'ono ikanatiphetsa munthu.

Linali dzinja lathali. Mlamu wanga anandiimbira foni usiku kuti mayi ake adwalika kumudzi, kumapiri a ku Neno. Ndinanyamuka m'mamawa pa Land Cruiser yakale ya pikiapu, ndinafika bwino, tinawagoneka mayiwo pamatiresi n'kuuyamba wa kuchipatala. Titawoloka kamtsinje kena, ndinaponda klatchi kuti ndisinthe giya. Pedulo inangopita pansi ngati ndaponda phala, osabwereranso. Giya inakana kulowa.

"Alamu, ndiye titani?" anafunsa mnzangayo, maso ali kwa mayi ake.

Mnyamata wina amene ankati amadziwa za magalimoto anafika n'kugamula msanga: "Bwana, apa klatchi puleti yapsa, titsitse giyabokosi." Ntchito imeneyo ndi ya tsiku lathunthu pagalaja, nanji pamatope. Mwamwayi panadutsa bambo wina wachikulire amene anayendetsapo malole. Anatsegula boneti, n'kundionetsa kabotolo ka mafuta a klatchi. Munali gwa, mouma. "Mwana wanga, munayang'anamo liti umu?" Ndinasowa choyankha.

Kuti timvetse vutoli, tiyambe ndi mmene klatchi yoyendera mafuta imagwirira ntchito. Mukaponda pedulo, mumakankha kapisitoni mu master cylinder, imene ili kutsogolo kwa dalaivala pansi pa boneti, pafupi ndi ya mabuleki. Kapisitoniko kamakankha mafuta kudzera m'kapayipi mpaka ku slave cylinder, imene pa Land Cruiser 70 ndi Hilux zambiri imakhala kunja, m'mbali mwa giyabokosi. Imeneyi imakankha foloko, ndipo foloko imalekanitsa injini ndi magiya. Chinsinsi chake n'chakuti mafuta sapanikizika, pamene mpweya umapanikizika. Mpweya ukalowa m'payipi, mphamvu ya mwendo wanu imathera pofinya mpweyawo, foloko osasuntha.

Ndiye poyeza, yambani ndi funso ili: kodi klatchi ikukana kulekanitsa, kapena ikuterereka? Ngati injini ili chizimire magiya akulowa bwinobwino, koma mukailiza akukana kapena akukukuta, makamaka rivesi, klatchi sikulekanitsa. Kawirikawiri vuto lotere limakhala la mafuta. Koma ngati mukuponda moto injini n'kumalira kwambiri galimoto osathamanga, komanso kukumveka fungo la chinthu chopserera, klatchi ikuterereka, ndipo nthawi zambiri puleti yatha. Matenda awiriwa ndi osiyana, mtengo wakenso ndi wosiyana kutalitali.

Kenako yang'anani kabotolo. Mafuta a klatchi sapsa ngati petulo. Akatsika ndiye kuti akudontha penapake. Malo oyang'ana ndi atatu. Lowetsani mutu pansi pa chiwongolero, mugwire pamwamba pa pedulo pamene kachitsulo kamalowa mu master cylinder. Pakanyowa, kapena kapeti ikanyowa, malabala a master atha. Kenako lowani kunsi, mufunyulule kalabala kotchinga fumbi pa slave cylinder. Mukatuluka mafuta, vuto ndi limenelo. Pomaliza tsatirani payipi yonse, makamaka gawo lalabala, limene limang'aluka likakalamba kapena kukhulidwa ndi miyala ndi zitsa.

Nthawi zina kabotolo kamakhala kodzaza, podontha palibe, koma klatchi ikuvutabe. Ikani giya yoyamba pamalo opanda anthu, pondani klatchi n'kuigwira osasiya. Galimoto ikayamba kukwawa yokha pakapita kanthawi, malabala a mkati mwa master akulola mafuta kubwerera m'kabotolo. Pedulo ikakhala yofewa ngati siponji koma n'kumalimba mukaipopa kangapo, ganizirani za mpweya. Uzaninso mnzanu aponde inu mukuyang'ana kunsi. Kachitsulo ka slave kakamayenda mokwanira koma magiya n'kumakanabe, pamenepo mpomwe tingayambe kukamba za foloko, beringi kapena puleti, ndi zotsitsa giyabokosi.

Ife vuto lathu linali slave cylinder. Kalabala kake kanang'ambika kalekale, matope ndi mchenga zinalowa n'kudya malabala a mkati. Bambo aja anatuma wa kabaza kukagula botolo la mafuta a mabuleki pa tauni yapafupi. Atabwera tinadzaza kabotolo n'kuchotsa mpweya, ntchito imene amakaniko amati kublida. Imafuna anthu awiri. Wina amapopa pedulo kangapo n'kuigwira pansi. Winayo amamasula pang'ono kanati kotulutsira mpweya ka pa slave, mafuta ndi thovu n'kutuluka, kenako amamanga pedulo isanabwezedwe m'mwamba. Mukabweza pedulo kanatiko kali kotsegula, mpweya umayamwidwanso. Bwerezani mpaka thovu litatha, ndipo musalole kabotolo kuuma muli pakati pa ntchito. Patatha ola limodzi tinanyamuka, tikuthira mafuta panjira, ndipo mayi aja anafika kuchipatala dzuwa lisanalowe. Lero ali bwino, akulima.

Chenjezo lalikulu lili pa mafuta. Klatchi zambiri zimagwiritsa ntchito mafuta a mabuleki a DOT 3 kapena DOT 4, werengani pachivindikiro. Musayerekeze kuthiramo oyilo wa injini, wa pawa sitiyaringi, dizilo kapena mafuta ophikira. Zimenezi zimatupitsa malabala, ndipo mudzagula master, slave ndi payipi zonse zatsopano. DOT 5 ndi wamtundu wina, sasakanizidwa ndi awiri aja. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi cha mumpweya, n'chifukwa chake opanga magalimoto ambiri amati azisinthidwa pakatha zaka ziwiri zilizonse, ndipo botolo lokhalitsa chitsegulire si lodalirika. Akadontheranso pa penti amaisupula, choncho tsukani ndi madzi msanga. Magalimoto ena klatchi ndi mabuleki zimamwera kabotolo kamodzi. Pamenepo mafuta akatsika yesani mabuleki musanasunthe.

Nanga mafuta atasoweratu? Galimoto ikhoza kuyendabe. Zimitsani injini, lowetsani giya yoyamba, kenako lizani ili m'giya momwemo. Idzadumpha n'kuyamba kuyenda. Pa 4x4, low range imathandiza sitata kuti isavutike. Koma kumbukirani kuti poima muyenera kuchotsa giya kapena kuzimitsa injini. Imeneyi ndi njira yotulukira m'tchire, si yolowera nayo mu Limbe masana.

Chinanso, powoloka mtsinje sankhani giya musanalowe m'madzi ndipo musaponde klatchi pakati. Mukaponda, madzi ndi matope zimalowa pakati pa puleti, klatchi n'kuyamba kuterereka kapena kumatirira. Mukatuluka m'matope, tsukani kunsi kwa galimoto n'kuyang'ana malabala.

Mukamakonzetsa, ndi nzeru kusintha master ndi slave limodzi ngati zonse ndi zakale, pakuti zinakalambira limodzi. Kiti ya malabala ndi yotsika mtengo, koma mkati mwa silinda mukakhala mokandika kapena mwadzimbiri, malabala atsopano sakhalitsa. Dziwaninso kuti magalimoto ena atsopano slave yake ili mkati, ndipo kuisintha kumafunadi kutsitsa giyabokosi. Funsani makaniko akuonetseni podontha asanagwire sipanala. Safunsa anadya phula.

Chichokereni tsiku lija, kuseri kwa mpando wanga sikusowa botolo losatsegula la DOT 4, masipanala ang'onoang'ono, kachubu koonekera mkati ndi slave cylinder yapadera. Ndipo Loweruka lililonse, poyang'ana oyilo ndi madzi, ndimatsegulanso kabotolo kaja. Inunso musananyamuke mawa, tsegulani boneti mukaone kanu.