El Niño: Nyanja ya Kutali Imene Imaumitsa Minda ya mu Zambia

Pa 29 Febuluwale 2024, mtsogoleri wa dziko lino a Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala cimene cinagwa caka cimeneco cinali tsoka la dziko lonse. Maboma 84 mwa maboma 116 anakhudzidwa, ndipo pafupifupi theka la mahekitala 2.2 miliyoni a cimanga linapserera m'minda. Koma gwero la vutoli linali kutali kwambiri, ku nyanja yamcere ya Pacific.

Mvula ya mu Zambia imabadwa pamene mphepo zikumana. Kuyambira mu Novembala dzuwa limatenthetsa nthaka, mpweya wacinyezi wocokera ku Congo ndi ku nyanja ya India n'kukwera m'mwamba, kumene umazizira ndi kusanduka mitambo. Dera lokumanirana mphepozi, limene akatswiri a zanyengo amalicha ITCZ, limatsikira kum'mwera m'dzinja ndi kubwerera kumpoto ca mu Malici kapena Epulo. N'cifukwa cake zigawo za Luapula ndi Kumpoto zimalandira mvula yoposa mamilimita 1,000 pa caka, pamene cigwa ca Gwembe sicifika ngakhale 800.

El Niño amasokoneza dongosolo limeneli. Pakapita zaka ziwiri mpaka zisanu ndi ziwiri, madzi a pakati ndi kum'mawa kwa Pacific amatentha kopyola muyeso, ndipo kayendedwe ka mphepo kamasintha pa dziko lonse. Kum'mwera kwa Africa mitambo imacepa, pamene ku Kenya ndi ku Tanzania madzi amasefukira. Kum'mwera kwa Africa zinatero mu 1991/92 ndi mu 2015/16. Mu 2024 ng'amba inafika mu Januwale ndi Febuluwale, nthawi imene cimanga cimamasula ngaiyaye, ndipo palibe feteleza amene angapulumutse mbewu yosowa madzi pa nthawiyo.

Anthu a m'matauni nawonso sanapulumuke. Magetsi ambiri a dziko lino amacokera ku madzi, motero nyanja ya Kariba itaphwa, pofika Seputembala 2024 makomboni ena anali kukhala mu mdima maola oposa 20 pa tsiku. Zigayo zinaima, owocerera zitsulo anakhala manja lende.

Mvula inabwerera mu 2024/25 ndipo dziko linakolola cimanga coposa matani 3.6 miliyoni, poyerekeza ndi matani 1.5 miliyoni a caka ca cilala. Apa m'pamene pali ngozi yoiwala. El Niño sabwera mwakabisira ngati mbala: kutentha kwa nyanja kumapimidwa miyezi ingapo mvula isanayambe, ndipo cenjezo la 2023 linaperekedwa alimi asanabzale. Cimene cinasowa m'midzi yambiri ndi mbewu zina zoti mlimi n'kuthawirako, monga mapira, mawere ndi cinangwa, pamodzi ndi msika wozigula. Mlimi wa ku Petauke kapena ku Monze sangasiye cimanga cifukwa ca mau a pa wailesi okha, pamene cimangaco ndico cili ndi wogula wodziwika.