Chingerezi cha pa Botolo la Mankhwala

M'midzi ya kwa Kadewere, monganso m'madera ena a boma la Chiradzulu, mwana amene anafika Fomu 4 ndiye maso a mudzi. Mayi akachokera kuchipatala ndi botolo la mankhwala a khanda, amaitana iyeyo kuti aŵerenge. Sangakane, pakuti makolo anagulitsa nandolo ndi nkhuku kuti iye aphunzire. Tsono vuto ndi lakuti Chingerezi chimene anakhoza nacho mayeso si chimene chalembedwa pabotolopo.

Pali mawu aŵiri, "teaspoon" ndi "tablespoon". Pa Chicheŵa zonsezi ndi supuni basi. Komatu yoyambayo ndi mamililita 5 pamene yachiŵiriyo ndi mamililita 15, kotero kuti woŵerenga mongoganizira angathe kumwetsa khanda muyeso wa maulendo atatu nthaŵi imodzi. Mawu omweŵa amapezekanso m'mabuku a zophikaphika. Kumeneko kulakwa kumathera pa chikondamoyo choŵaŵa soda, anthu n'kuseka. Pa mankhwala palibe choseketsa. Ngakhale madzi omwetsa mwana wotsekula m'mimba, pamene Thanzi wasoŵa, ali ndi muyeso wake: masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere m'lita imodzi ya madzi abwino. Mchere ukapyola pamenepo umapweteka mwana amene amati amuthandize.

Oopsa kwambiri ndi mawu amene wophunzira amayesa kuti amawadziŵa kale, chifukwa mawu achilendo amamukumbutsa kufunsa, pamene aŵa amamunamiza. M'kalasi anaphunzira kuti "stool" ndi kampando; dokotala akanena mawuwo akufuna chimbudzi choti akachiyeze. Anaphunziranso kuti "positive" ndi chinthu chabwino, chopatsa chiyembekezo. Koma m'boma lino, mmene bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kupereka ma ARV mu 2001, ndani sadziŵa kuti papepala la magazi mawuwo akutanthauza kuti kachirombo kapezeka? Nawo mankhwala a malungo a LA, amene analoŵa m'malo mwa SP mu 2007, amamwedwa kaŵiri pa tsiku kwa masiku atatu, ndipo amagwira bwino ntchito munthu akadya chakudya cha mafuta, monga phala lotendera. Womasulira wodumpha mzere umenewo wachepetsa mphamvu ya mankhwala.

Dr Daniel Malekebu, amene anatsegulanso mishoni ya Providence ku Mbombwe mu 1926, anachita kuwoloka nyanja kukaphunzira mawu otereŵa ku Meharry, ku America, kumene anatsiriza mu 1917. N'chifukwa chiyani tsono mudzi uyembekeza kuti mwana amene sanawaphunzitsidwepo awadziŵe?

Aphunzitsi ena amati zimenezi ndi za mphunzitsi wa sayansi kapena wa zapakhomo, ndipo sizibwera pa mayeso a Chingerezi. Enanso amati udindo ndi wa achipatala, kuti azilemba m'Chicheŵa. Achiŵiriŵa akunena zoona ndithu, koma mankhwala ambiri amachokera kunja, ku India ndi kwina, atalembedwa kale, ndipo wogulitsa pa golosale samasulira kanthu. Oyambawo ndiwo alibe chifukwa chomveka. Mphunzitsi amene amathera sabata yathunthu pa kalata yofunsira ntchito imene mwina sidzapezeka angalephere bwanji kupatula phunziro limodzi la mphindi 40 kuŵerenga chikutu cha Panado?

Zipangizo zake n'zosagula: paketi yotha ya Thanzi, botolo lopanda kanthu, supuni yaikulu ndi yaing'ono. Ophunzira ayeze madzi ndi manja awo, aone kuti yaing'ono iloŵa katatu m'yaikulu. Asiyanitse "dissolve" ndi "dilute", ndiko kusungunula ndi kusukulutsa. Ndipo aphunzitsidwe chiganizo chimene ophunzira ambiri amachita nacho manyazi pamaso pa makolo awo, chakuti mawu aŵa sanawamve, ayambe akafunsa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzimo mwana asanamwe.