Tenanti wabwino timamuthamangitsa tokha

Azakhali anga ali ndi mdadada wa nyumba zinayi za lendi ku Limbuli, chakuseri kwa msika. Holide iliyonse ndikachoka ku Zomba, kope la ndalama za lendi limakhala m'manja mwanga. Ndine ndimalemba amene walipira, amene wapempha kuti timudikire, ndi amene wathawa usiku. Choncho ndikamamva eni nyumba akudandaula kuti masiku ano matenanti abwino anatha, ndimaseka chamumtima. Alipo ndithu, koma timawathamangitsa tokha. Ndikunena zimene ndinaona, komanso zimene ndinachita ndi dzanja langa.

M'nyumba yakumapeto munkakhala aphunzitsi ena a pulayimale, mayi wa ana awiri. Anakhalamo zaka zisanu. Malipiro awo akangolowa, foni ya azakhali inkalira tsiku lomwelo ndi uthenga wa Mpamba. Malipiro akachedwa, ankabwera okha kudzanena tisanawafunse. Anapaka laimu m'nyumbamo, anamata ming'alu ya pansi ndi simenti yogula okha, anakonza chitseko cha bafa, anadzala maluwa pakhonde. Mu March 2023, namondwe wa Freddy atafika, mvula ikugwa usana ndi usiku ndipo midzi ya ku Muloza ikukokoloka, azakhali anali ku Blantyre. Aphunzitsiwo ndi amene anatuluka ndi khasu mumdima n'kukumba ngalande kuti madzi asadye maziko a mdadada wonse.

Mphoto yawo inabwera mu April 2024. Bambo wina wa geni ya chimanga anaona nyumba yoyera ya maluwa ija, anaikonda, n'kulonjeza K45,000 pamwezi. Aphunzitsi ankalipira K25,000. Azakhali sanagone. M'mawa mwake anandiitana.

"Mwanangu, lemba kalata. Madamu alipire ngati mmene akufunira bambowa, apo ayi mwezi ukatha atipatse makiyi."

"Azakhali, koma nyumbayi anaikongoletsa ndi iwowa."

"Nanga nyumba ndi yawo?"

Ndinalemba. Chizungu chimene azakhaliwo amandilipirira fizi kuti ndiphunzire ndinachigwiritsa ntchito pothamangitsa munthu amene anapulumutsa khoma lathu. Aphunzitsi sanakangane nafe. Anasesa m'nyumba, anakolopa, anapereka makiyi ndi manja awiri.

Amene amaidziwa Limbuli akudziwa kale mmene nkhaniyi inathera. Geni ya pamsika pathu imayendera nyengo. Chimanga ndi nandolo zikamalowa kuchokera ku Milange, njinga zitasenza matumba kudutsa pa Muloza, malole a ku Limbe atandanda mumsewu wa M2, ndalama zimakhala mbwee. Nyengo ikatha, ogula aja amabalalika. Bambo uja anasandutsa chipinda chogona kukhala nkhokwe. Makoswe ndi anankafumbwe analowa mdadada wonse, simenti ya pansi inasweka. Analipira miyezi itatu, miyezi ina itatu ankangoti mawa, kenako tsiku lina tinapeza loko wake pachitseko, m'kati mulibe kanthu. Nyumba inakhala yopanda munthu miyezi iwiri.

Tiyeni tiwerenge. Pa miyezi isanu ndi itatu imeneyo azakhali analandira K135,000. Aphunzitsi aja akanakhalamo akanapereka K200,000, osathamangitsidwa ndi munthu. Pamwamba pake tinagula simenti, loko watsopano ndi mankhwala a makoswe. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Ndikudziwa zimene eni nyumba angayankhe, ndipo zina ndi zoona. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Malata, simenti ndi penti zinakwera. Kwa mayi wamasiye ngati azakhali anga, nyumba zinayi zija ndiye penshoni yawo, ndiye feteleza wawo, ndiye fizi yanga. Sindikunena kuti lendi isamakwere. Koma kukweza lendi chifukwa zinthu zadula ndi nkhani ina, kumukwezera munthu chifukwa wasamala nyumba yako ndi nkhani inanso. Kukweza koyamba umamuuza munthu miyezi ingapo isanakwane, mumakambirana, ndipo kumagwera nyumba zonse mofanana. Kwachiwiriku ndi kulanga munthu chifukwa cha ukhondo wake. Matenanti atatu otsalawo anaphunzira phunziro lake bwino lomwe. Kuchokera tsiku limenelo palibe anakhomanso ndi msomali womwe. Denga likamadontha amangoika beseni. Akonzerenji, pamene kukonza ndi kudziitanira notisi?

Vuto lina ndi tanthauzo lenileni la mawu akuti tenanti wabwino. Mukamvetsera bwino eni nyumba ambiri akamayamikira munthu, amati: ndi wofatsa, sadandaula. Ndiye kuti chimbudzi chikadzaza amakhala chete, mayunitsi a magetsi akamagawidwa mokondera amakhala chete, lendi ikakwera pakati pa mwezi amakhala chete. Koma munthu amene amakuuza msanga kuti chiswe chalowa m'denga ndi amene akukusungira chuma. Wachete uja adzakusiyira nyumba yowola, n'kukutsanzika mwaulemu.

Onaninso mmene timasankhira anthu. Mafunso ake ndi omwewo kulikonse: Muli pabanja? Ana alipo angati? Mumapemphera kuti? Mayi wosakwatiwa akayankha zoona, nyumba imapezeka kuti yatengedwa kale. Wovala bwino, wa ndalama za miyezi itatu m'thumba, amalandira makiyi osafunsidwa kumene akuchokera. Palibe amene amaimbira foni landilodi wakale kufunsa ngati munthuyu anachoka bwino. Aphunzitsi aja akanabwera lero, mayi yekha ndi ana awiri, theka la eni nyumba amene ndimawadziwa akanawabweza pageti.

Anzanga ophunzira, nkhani iyi si ya ku Limbuli kokha. Ine ndemwe ndikabwerera ku Zomba ndimakhala tenanti ku Chikanda, ndipo amene mumagona kunja kwa sukulu ku Luwinga kapena ku Goliati mukudziwa zimene ndikunena. Mumalipira semesita yonse musanalowe, popanda lisiti, popanda pepala, ndipo dipoziti yanu mumaiona komaliza tsiku limene mwaipereka. Timadandaula pa WhatsApp mpaka usiku. Koma zaka khumi zikubwerazi ena mwa ife tidzakhala ndi mapuloti ndi midadada yathu. Ndaona kale anthu amene anavutika ku Chikanda akubwezera mkwiyo wawo pa matenanti awo. Ine sindinadikire n'komwe kumaliza sukulu, kalata ija ndinailemba ndili m'chaka chachiwiri.

Zimene ndikupempha sizifuna loya. Pepala limodzi, m'Chichewa, losainidwa ndi mbali zonse ziwiri pamaso pa mboni. Linene lendi ndi tsiku lolipira, linene kuti ikamakwera munthu adzauzidwa miyezi ingati isanakwane, linene amene akonze denga ndi amene agule babu. Tenanti akakonza chinthu chokhalitsa mutagwirizana, ndalama yake ichotsedwe pa lendi. Ndalama iliyonse ikhale ndi lisiti, ngakhale la m'kope la sitandade 5. Ndipo amene wakhala zaka zambiri osaphonya mwezi, akwezeredwe pang'ono kuposa wobwera kumene, chifukwa wakupulumutsani ku miyezi ya nyumba yopanda munthu. Kumeneko si kumuchitira chifundo. Ndi masamu omwe aja tawerenga pamwambapa.

Chaka chitatha, azakhali anandituma kukawapeza aphunzitsi aja. Akukhala kwa agogo ena chakufupi ndi sukulu yawo, m'nyumba yocheperapo kuposa yathu. Pakhonde pali maluwa. Ndinagwada, ndinapereka uthenga: nyumba ilipo, mtengo ndi wakale womwe uja. Anandipatsa mpando ndi tiyi, anafunsa za maphunziro anga, kenako anati:

"Mukawathokoze mayi, achimwene. Koma kuno ndikadzala duwa ndimadziwa kuti ndidzaliona likuphuka."

Agogo aja anali chapatali, akusenda chinangwa. Sanalankhule kanthu. Iwo sadandaula kuti matenanti abwino anatha.