Shuga anayenda ulendo wautali asanafike m'kapu mwathu

Ena amadandaula kuti Chichewa chikutha chifukwa chobwereka mawu ku Chingerezi. Ine ndimati tiyambe tafunsa kumene Angereziwo anawatenga mawu awowo. Tengani mawu akuti sugar, amene ife timati shuga. Kwawo kwenikweni ndi ku India.

M'chinenero chakale cha Sanskrit munali mawu akuti sharkara, otanthauza timiyala kapena mchenga wokhakhala. Amwenye ataphunzira kuphika madzi a nzimbe mpaka kuuma n'kukhala timibulu, anatcha timibuluto dzina lomwelo la timiyala. Dzinalo linayenda limodzi ndi malonda. Aperezi anati shakar. Aluya atagonjetsa Persia m'zaka za m'ma 600, anatengera ulimi wa nzimbe ku Egypt, ku Sicily ndi ku Spain, dzina lija n'kusanduka sukkar.

Apa ndiye pokoma. Aluya amaika kachidutswa kakuti al kutsogolo kwa dzina, ndipo potchula amati as-sukkar. Anthu a ku Spain ndi Portugal, amene anakhala ndi Aluya zaka mazanamazana, anameza zonse pamodzi: azúcar ndi açúcar. A ku Italy anatenga dzina lokha n'kunena kuti zucchero. Afalansa anati sucre, ndipo kwa iwo n'kumene Angerezi anatenga mawuwa m'zaka za m'ma 1200, nthawi imene Chifalansa chinali chinenero cha mafumu a ku England. Akatswiri satulukira zimenezi mongolota. Amafufuza m'zolembedwa zakale, n'kuona chaka chimene mawu anayamba kuonekera ndi mmene katchulidwe kanasinthira.

Abale athu olankhula Chiswahili amati sukari. Iwo analandira mawuwa mwachindunji kwa Aluya ochita malonda pa nyanja ya mchere. Ife tinawalandira atazungulira ku Ulaya. Mawu amodzi omwewo analowa mu Africa pa makomo osiyana. Lero shuga wa ku Nchalo ndi ku Dwangwa timamutcha dzina lochokera ku India, pamene chomera chake timachitcha nzimbe m'chinenero chathu.

Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Chingerezi chinakula chifukwa cholandira alendo otere, ndipo eni ake analemba mbiri ya mawu awo m'mabuku akuluakulu monga Oxford English Dictionary. Ifenso tili ndi alendo athu: nsapato, kalata ndi mbatata anabwera ndi Apwitikizi, ndege tinatenga ku Chiswahili. Kubwereka si vuto. Chondipweteka n'chakuti ana athu sadziwa njira imene mawuwa anadutsa.

Akatswiri athu a zinenero m'mayunivesite, tilembereni buku lofotokoza chiyambi cha mawu a Chichewa, agogo amene akukumbukira katchulidwe kakale akadali ndi moyo.