Kodi Mowa Wakunja Umakoma Koposa Wathu?

Anzanga, pali mkangano umene sutha pa msika wa Kabudula, makamaka nyengo ya fodya pamene matumba a abambo alemera. Amene anakhalako ku Joni amanenetsa kuti Castle wa kumeneko sali ngati amene amafika kuno, ngakhale dzina ndi botolo n'zimodzimodzi. Ena amati Carlsberg wofululidwa ku Blantyre ndi madzi chabe pomuyerekeza ndi wa ku Denmark, chonsecho ku Denmark sanapondeko. Aphunzitsi asade nkhawa, pakuti malamulo a sukulu ndikuwadziwa ndipo mowa sindinaulawe. Koma iyi ndi nkhani ya Sayansi, chotero nafenso tiyankhulepo.

Kampani ya Carlsberg anaiyambitsa J. C. Jacobsen ku Copenhagen m'chaka cha 1847. Mu 1883 katswiri wawo, Emil Christian Hansen, anapeza njira yopatulira yisiti ya mtundu umodzi, kuti mowa wofulula lero uzifanana ndi wa mawa. Mu 1968 anatsegula fakitale ku Blantyre, ndipo inali yoyamba ya Carlsberg kunja kwa Denmark. Mu 2016 magawo ake anagulidwa ndi kampani ya Castel. Tsono taonani, ntchito yaikulu ya fakitale yotere ndiyo kuonetsetsa kuti mowa usasinthe. Zofululira zake ndi zodziwika: madzi, chimera cha balere, yisiti ndi timaluwa towawa totchedwa hops.

Kodi ndiye kuti palibe kusiyana konse? Iyayi, kulipo. Tonse tidziwa kuti amayi awiri atapatsidwa chimera chimodzi, wina n'kutunga madzi pa mjigo, wina pa chitsime cha ku dambo, thobwa lawo silikoma mofanana. Madzi a ku Blantyre si a ku Copenhagen. Koma ofulula amayamba awayeza ndi kuwakonza, motero kusiyanako kumachepa.

Chosintha mowa kwambiri ndi ulendo. Botolo lochokera ku Johannesburg limayenda pa galimoto makilomita opitirira 1,500, kudzera ku Beitbridge, Harare ndi Tete, kumene dzuwa limaswa mtengo. Limadikira pa chipata, limadikira m'nyumba yosungira katundu, kenaka likhala pa shelefu ku Nsaru masabata angapo chifukwa ochepa ndiwo angathe kuligula. Kutentha kumakalambitsa mowa msanga. Kuwala nako kumaononga kuwawa kwa hops kuja n'kutulutsa fungo loipa, ndipo botolo lobiriwira siliteteza mowa ku dzuwa monga lichitira lofiirira. Chotero abambo a ku Joni aja sakunama. Mowa umene ankamwa pafupi ndi fakitale unali watsopano, pamene wofika kuno wafika utatopa.

Apa mpamene ndimadabwa. Ngati ulendo ndiwo umaononga, ndiye kuti wa ku Blantyre, umene wayenda tsiku limodzi, ndiwo wofanana ndi umene amamwa a ku Denmark kwawo. Nanga munthu amalipiriranji ndalama zambiri kugula wotopawo, namayamikira kukoma kwake? Ine ndiganiza kuti lilime limamvera mutu. Bambo uja ankamwa ali mnyamata, atangolandira malipiro, anzake atamzungulira. Chimene akusowa lero ndi masiku amenewo. Winayo akulawa mtengo ndi dzina la dziko lakutali. Matenda omwewa tili nawo ife pa sukulu pano, pamene tinyoza sopo ndi nsapato za mnzathu chifukwa ndi zopangidwa konkuno.

Ndalama zimene zimathera pa kudzitama kumeneku ndi zomwe zija amati zasowa tikapempha fizi kapena thumba la feteleza. Amene akutsutsa achite chonchi: wina athire mowa wa kuno ndi wakunja m'makapu awiri ofanana, ozizira mofanana, mabotolo awabise, ndipo katswiriyo aloze wakunja katatu motsatizana.