Mu display ya m'nyumba mwathu muli mbale, ngwee zili pati?

Lowani m'nyumba iliyonse ku Matero kapena ku Chilenje, mupeza kabati ya galasi mu sitingi rumu. Mkati muli makapu a alendo amene sabwera, mbale zosadyerapo munthu ndi maluwa apulasitiki. Funsani kumene kuli ndalama zachitsulo zimene agogo anasiya. Akuuzani kuti zili mu chitini cha mafuta odzola pansi pa bedi, ngati ana sanatayire kale kuchimbudzi. Ife tikuti izi n'zamanyazi.

Kwacha inayamba mu 1968, pamene tinasiya mapaundi ndi masheleni. Pa ngwee zoyamba zija pali nkhope ya a Kaunda, ndipo kumbuyo kwa 2 ngwee kuli chiwombankhanga, kwa 5 ngwee kuli duwa. Kale kuposa apo kunali peni yobooka pakati ya nthawi ya Federation, ya njovu ziwiri zozungulira chibowo. Mu 2013 Bank of Zambia inadula maziro atatu, makoini n'kubweranso m'matumba mwathu. Mwana wobadwa cha m'ma 2000 anakula osagwirako ngwee. Tim'fotokozera bwanji kuti ndalama imadwala ndi kufa, ngati mtembo wake tinautaya?

Koma amene atikwiyitsa kwambiri si otaya. Ni aja a pa Facebook ndi WhatsApp ouza anthu kuti koini ya Rhodesia igula galimoto. Munthu amva zimenezo, athamangira kuchitini, atenga phulusa, ndimu ndi waya wotsukira mapoto, akwecha mpaka koini iwale ngati supuni. Wapha! Osonkhanitsa makoini enieni safuna yokwechedwa, chifukwa kukwecha kuchotsa khungu la chitsulo ndi timizere tonse. Ndipo mapeni aja anapangidwa ambirimbiri, ochuluka mwa iwo mtengo wake ni wochepa chabe. Sungani chifukwa ni zanu. Zagalimoto iwalani.

Kabokosi kosungiramo si kodula. Pitani kwa kalipentala wa mu komboni, akupangireni kosaya, masentimita 4 akwana, ka chivundikiro cha galasi chotseguka, pakuti koini ili ndi mbali ziwiri ndipo mudzafuna kuitembenuza. Pansi yalani nsalu ya thonje yakuda. Pamwamba pa nsalu ikani katoni yolimba yodulidwa mabowo, koini iliyonse m'bowo mwake, kuti zisagundane. Guluu ayi. Msomali ayi. Mapulasitiki ofewa aja a PVC nawonso ayi, pakapita zaka amasiya zobiriwira zomata zimene zimadya chitsulo. Mdani wamkulu ni chinyezi cha nthawi ya mvula, ndiye tumapaketi twa silica gel tumene mupeza mu bokosi ya nsapato zatsopano musataye, ponyani tuwiri pakona. Pogwira, gwirani m'mphepete, thukuta la chala limasiya chidindo chosachoka.

Manje pa galasi lokulitsa ndiye pali mkangano. Ena akuti foni ili ndi kamera, galasi n'la chani? Foni yesani, muona dzanja likunjenjemera ndi chithunzi chikuthawa. Kagalasi kokulitsa ka 5 mpaka ka 10, konga kaja agwiritsa nchito okonza mafoni ndi ogula miyala, kakwana. Kamangirireni ku bokosi ndi chingwe, apo ayi mawa kali kusukulu m'thumba mwa mng'ono wanu. Nyali ya LED muyike m'mbali, kuwala kubwere chopendekeka, osati kuchokera pamwamba. Mukatero nthenga za chiwombankhanga ziyamba kuoneka imodziimodzi, ndi chaka chimene munayesa chafufutika chiwerengeka. Pansi pa koini iliyonse lembani chaka, ndi dzina la amene anakupatsani.

Tidziwa amene atiseka. Akuti zosonkhanitsa ndalama zakufa ni za azungu okhuta, ife tifuna zamoyo. Koma anthu omwewo akana 5 ngwee pa kantemba, aisiya pa kauntala ngati chinyalala, pamene K2 ndi K5 zimene dzulo zinali zapepala lero zasanduka zachitsulo. Zapepala zija mwasungako ngakhale imodzi? M'bokosi musiye mabowo ena opanda kanthu, ndipo makapu a alendo asendeze pang'ono.