Ferrari ikonze galimoto isanaloze chala Hamilton

Anzanga okonda Formula 1 m'tauni muno akuti Lewis Hamilton wakalamba, basi akapume. Ine sindikuvomereza. Chomwe chapha Ferrari ndi galimoto.

Taonani 2025. Timuyi sinapambane Grand Prix olo imodzi ndipo inathera pa nambala 4, chonsecho mu 2024 inali yachiwiri, McLaren itaiposa ndi mapointi 14 okha. Charles Leclerc, wachinyamata amene ali ku Ferrari kuyambira 2019, nayenso sanapambane. Galimoto yawo ya SF-25 inkathamanga bwino akaitsitsa pafupi ndi msewu, koma akatero thabwa la kunsi kwake linkadyeka mopyola malamulo. Ku China, Hamilton anapambana mpikisano waufupi Loweruka, mawa lake n'kumuchotsa pa zotsatira chifukwa cha thabwalo. Akaikweza, liwiro linkathawa.

Mwayi uli mu 2026. Malamulo asintha, pafupifupi theka la mphamvu lizichokera ku magetsi, ndipo Ferrari imadzipangira yokha injini ku Maranello. Injiniyo ikafanana mphamvu ndi ya Mercedes, alimbirana nawo chikho. Ikaperewera, njala yomwe inayamba atatenga chikho cha matimu mu 2008 ipitirira, kaya ayendetse ndani.